William Percival Johnson

William Percival Johnson (12 Malichi 1854 – 11 Okutobala 1928) anali wansembe wa mpingo wa Anglican wochokera ku England, yemwe anagwira ntchito ya umishonale mu Africa kwa zaka 52, makamaka m'mbali mwa Nyanja ya Malawi. Anabwera pansi pa bungwe la Universities' Mission to Central Africa, lomwe limadziwika mwachidule kuti UMCA. Kuyambira 1896 mpaka imfa yake anali Akidikoni wa dera la kunyanja. Amakumbukiridwa kwambiri chifukwa chomasulira Baibulo lonse m'Chinyanja cha pachilumba cha Likoma, lomwe linatuluka mu 1912. Ntchitoyi anaigwira ali ndi diso limodzi, nalonso loona movutikira. Analembanso mabuku okamba za anthu a kunyanja, za miyambi yawo ndi za moyo wake.

Ubwana ndi maphunziro

Johnson anabadwira ku St Helens, pachilumba cha Isle of Wight kummwera kwa England. Anaphunzira ku Bedford School, kenako ku University College ya ku Oxford, komwe anamaliza maphunziro a zaumulungu mu 1876. Ali ku Oxford ankadziwika ngati katswiri wopalasa bwato pa mipikisano ya makoleji, ndipo cholinga chake poyamba chinali kukagwira ntchito ya boma ku India. Kumeneko n'komwe anapalana ubwenzi ndi Chauncy Maples, yemwe pambuyo pake anadzakhala bishopu wa Likoma. Anyamata awiriwa anamva pempho la Bishopu Edward Steere wa ku Zanzibar loti pakufunika anthu okathandiza ntchito ya UMCA, ndipo onse anadzipereka. Johnson anafika ku Zanzibar mu 1876. Anadzozedwa udikoni chaka chomwecho, ndipo unsembe anaulandira mu 1878.

Kugwira ntchito pansi pa Steere kunali sukulu ina payokha. Bishopuyu anali atatulutsa kale buku la galamala ndi mawu a Chiswahili mu 1870, ankamasulira Baibulo m'chinenerocho, ndiponso ankadziwa kuyendetsa makina osindikizira ndi manja ake. Kwa iye, mmishonale wosadziwa chinenero cha anthu anali asanayambe ntchito, ndipo chinenero chikadziwika chinkayenera kulembedwa ndi kusindikizidwa. Johnson anatenga khalidwe limeneli n'kupita nalo kunyanja.

Ulendo wa kunyanja

UMCA inali itayesapo kale kukhazikika m'dziko lomwe lero ndi Malawi. Bungweli linayambika potsatira zomwe David Livingstone analankhula ku Cambridge mu 1857, ndipo Bishopu Charles Mackenzie anatsegula mishoni ku Magomero mu 1861. Mackenzie anamwalira kumayambiriro kwa 1862, ndipo mu 1864 likulu la bungweli linasamukira ku Zanzibar. Chikhumbo chobwerera kunyanja sichinathe.

Johnson anayamba wagwira ntchito ku Masasi, mudzi womwe mishoni inakhazikitsa kuti muzikhala anthu omasulidwa ku ukapolo. Mu 1880 anapita yekha ku Mwembe, likulu la Mfumu Mataka ya Ayao, komwe anatsegula sukulu ndi kuzama m'Chiyao. Chaka chotsatira nyumba yake inafunkhidwa iye kulibe, anthu atamuganizira kuti ndiye anaulula za gulu la akapolo lomwe linagwidwa kugombe la nyanja yamchere. Mu 1882 iye ndi wansembe mnzake Charles Janson anafika m'mbali mwa Nyanja ya Malawi. Janson anamwalira posakhalitsa pamudzi wa Chia, ndipo Johnson anatsala yekha. Kwa zaka pafupifupi ziwiri anayenda pansi m'midzi ya kuvuma kwa nyanja, akudya zomwe anthu ankadya ndi kugona momwe ankagona. Chinyanja chake anachiphunzira m'nyengo imeneyi, pa madooko ndi pa mabwalo a milandu, popanda buku lomutsogolera.

Ataona kuti midzi ya Anyanja yandandalika m'mphepete mwa madzi poopa nkhondo za Angoni, anaganiza zoti njira yabwino yoifikira ndi sitima. Mu 1884 anapita ku England kukapempha ndalama, ndipo sitima inapangidwa m'zidutswa zoti zidzalumikizidwe kuno. Pobwerera, atafika ku Quelimane, anagwidwa ndi nthenda yoopsa ya maso mpaka analeka kuona. Anamubweza ku England, komwe madokotala anamuchita opaleshoni n'kupulumutsa pang'ono diso limodzi. Sitimayo, yomwe anaitcha Charles Janson, inalumikizidwa ku Matope pa mtsinje wa Shire iye kulibe. Johnson anabwerera kunyanja mu 1886, ndipo kuyambira pamenepo ankawerenga ndi kulemba pepala lili pafupi kwambiri ndi nkhope.

Likoma, sitima ndi sukulu

Mu 1885 wansembe George Swinny analandira chilolezo kwa Mfumu Chiteji choti mishoni imange pa Likoma. Malo omwe anapatsidwa ndi Chipyela, pomwe kale ankatenthera anthu oganiziridwa ufiti. Maples anafika mu 1886 n'kukhala woyang'anira ntchito ya pachilumba, pomwe Johnson anatenga sitima kukhala nyumba yake, tchalitchi chake ndi ofesi yake. Ankazungulira midzi ya kugombe, kusiya aphunzitsi, kuyendera sukulu ndi kubwerera ku Likoma ndi mapepala oti asindikizidwe. Mmodzi mwa aphunzitsi oyamba omwe anayenda naye anali Augustine Ambali, yemwe anakhazikika ku Msumba n'kudzakhala wansembe.

Ntchitoyi inali ndi zoopsa zake. Mu 1888 Johnson ndi John Buchanan, yemwe ankaimira boma la Britain, anagwidwa ndi anthu a Mfumu Makanjira, anavulidwa zovala ndi kuchitidwa chipongwe, ndipo anamasulidwa dipo litaperekedwa. Chisoni chachikulu chinadza mu 1895. Maples anadzozedwa ubishopu ku London mu Juni chaka chimenecho, koma pa 2 Seputembala anamira m'nyanja bwato lake litagubuduzika ndi mphepo, asanafike n'komwe ku Likoma. Anaikidwa ku Nkhotakota. Sitima yachiwiri ya mishoni, yomwe inayamba kuyenda mu 1901, inapatsidwa dzina lake.

Abwenzi awiriwa anali osiyana pa kalembedwe. Maples anali ndi cholembera chosalala. Ndiye anayambitsa ndi kukonza Nyasa News, magazini yomwe inkasindikizidwa pa Likoma kuyambira 1893 mpaka 1895, imodzi mwa zofalitsa nkhani zoyambirira m'dziko muno. Johnson sanali wotero. Maganizo ake ankathamanga kuposa dzanja, ndipo ngakhale m'Chingerezi zolemba zake zimadumpha kuchoka pa mfundo ina kupita pa ina, n'kumusiyira wowerenga ntchito yolumikiza. Luso lomwe anali nalo linali la khutu ndi la khama, ndipo ntchito yomasulira imafuna ziwirizi kuposa china chilichonse.

Ntchito yomasulira

Pa nthawi yomwe Johnson ankayamba, Chinyanja chinali chisanakhale ndi kalembedwe kamodzi. Robert Laws wa mishoni ya Livingstonia anamaliza kumasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja cha kuzambwe kwa nyanja cha m'ma 1880. David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa mtanthauziramawu wake wamkulu wa Chimang'anja mu 1892. A Dutch Reformed anali ndi Chichewa cha ku Mvera ndi ku Nkhoma. Mishoni iliyonse inkalemba momwe anthu oizungulira ankalankhulira, ndipo a UMCA anatsata Chinyanja cha pa Likoma ndi cha kugombe la kuvuma, komwe lero ndi chigawo cha Niassa ku Mozambique.

Chinyanja chimenechi chili ndi mawu ndi katchulidwe kakekake. Komwe ambiri amati madzi, kumeneko amati maji, ndipo dzina ndi jina. Mutu wa Baibulo la Johnson umaonetsa kusiyanaku: Chikalakala Choyera, ndicho Malangano ya Kale ndi ya Chapano. Mawu oti chikalakala akuimira buku, malangano akuimira zipangano, ndipo chapano akuimira chatsopano. Mwana wa sukulu wa ku Lilongwe lero angadodome nawo mutuwu, koma msodzi wa ku Likoma wa mu 1912 ankaumva osafunsa. Johnson ankalembera msodziyo. Iyi ndi mfundo yoyamba yomwe ntchito yake imaphunzitsa munthu wofuna kulemba bwino: asanalembe liwu loyamba azidziwa yemwe adzawerenge, ndipo asankhe mawu omwe munthuyo amagwiritsa ntchito pakhomo pake.

Vuto lina linali la zilembo. Zilembo za Chilatini sizinapangidwire Chinyanja, ndipo olemba oyambirira ankalephera kumva kapena kulemba kusiyana kwina komwe mwini chinenero amakumva msanga. Mabuku ambiri a nthawi imeneyo sankalemba chilembo cha h posonyeza mpweya wotsatira p, t ndi k, chonsecho kuponya ndi kuphonya ndi zinthu ziwiri zosiyana: mlenje akhoza kuponya mkondo n'kuphonya nyama. Palinso mawu omwe amasiyana ndi kakwezedwe ka liwu kokha, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kapena khungu la pathupi ndi khungu la m'maso. Kusiyana kotere mpaka lero sikulembedwa, choncho wolemba amayenera kumanga chiganizo mwakuti mawu ozungulira achotse chikayiko. Womasulira yemwe sasamala zimenezi amatha kulemba chiganizo cholondola m'mutu mwake koma chosokoneza m'kamwa mwa wowerenga.

Ndipo zolemba za Johnson zinkathera m'kamwa. Anthu ambiri a nthawi yake sankawerenga Baibulo paokha, ankalimva likuwerengedwa m'tchalitchi ndi mphunzitsi wa pamudzi. Mpingo wa Anglican uli ndi mawerengo ndi masalimo a tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi madzulo, kotero chiganizo chilichonse chomasuliridwa chinkayesedwa mokweza pamaso pa eni chinenero kambirimbiri. Chiganizo chotalika mopitirira mpweya wa wowerenga, kapena chotsata kamangidwe ka Chingerezi kapena Chigiriki m'malo mwa ka Chinyanja, sichikanabisika. Kuwerenga mokweza zomwe munthu walemba ndi njira yakale yodziwira pomwe chiganizo chathyoka, ndipo pa Likoma njirayi inkachitika mwa lamulo la mapemphero, kawiri pa tsiku.

Kuchokera pamenepo pankabwera kukonza. Mabuku a pa Likoma sanatuluke kamodzi n'kutha. Zigawo za Baibulo zinkayamba zasindikizidwa m'timabuku ting'onoting'ono pa makina a mishoni, zinkagwiritsidwa ntchito m'sukulu ndi m'matchalitchi, kenako n'kukonzedwanso. Buku la mapemphero la mpingo, lomwe Johnson anamasulira mothandizana ndi wansembe Arthur Glossop, linatuluka mu 1897 ndipo linatulukanso litakonzedwa mu 1909. Chipangano Chatsopano chinatsogola, Chakale chinatsatira, mpaka Baibulo lonse linakwanira mu 1912. Kuchokera pomwe Johnson anaponda koyamba m'mbali mwa nyanja kufika chaka chimenecho panapita zaka 30.

Sanagwire yekha ntchitoyi, ndipo sakanatha. Munthu wa diso limodzi lofooka, wolemba m'kachipinda ka sitima yogwedezeka ndi mwera, ankafunika ena oti aziwerenga zomwe walemba, kuzikopera bwino ndi kuona zolakwika pa mapepala oyesera asanasindikizidwe. Glossop ndi amishonale ena ankachita mbali imeneyi. Koposa apo panali aphunzitsi, ansembe ndi akuluakulu a m'midzi, omwe ndiwo ankadziwa ngati liwu lakhala pamalo pake kapena ayi. Monga zinkakhalira m'mabuku ambiri a mishoni, mayina a anthu akuda omwe anathandiza sanalembedwe pa zikuto, ndipo uku n'kuperewera kwenikweni kwa mbiri ya mabukuwa. Anyamata omwe ankandandalika zilembo chimodzichimodzi m'nyumba yosindikizira ya pa Likoma analinso eni chinenerocho.

Mu 1911 yunivesite ya Oxford inamupatsa digiri yaulemu ya udokotala wa zaumulungu pozindikira ntchito yakeyi. Chaka chomwecho, pa 14 Novembala, tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa Likoma, chomwe mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1903, chinapatulidwa.

Miyambi ndi mabuku ena

Mu 1922 Johnson anatulutsa kabuku kotchedwa Chinyanja Proverbs, komwe anasonkhanitsamo miyambi ya anthu a kunyanja ndi kuifotokoza. Kabukuka n'kakang'ono, koma kamaonetsa komwe ankaphunzira kamangidwe ka chiganizo cha Chinyanja. Mwambi ndi chiganizo chomwe chadutsa m'kamwa mwa mibadwo yambiri mpaka mawu onse osafunika anayoyoka. Umatchula chinthu chooneka ndi maso, monga bwato, ng'ona, khasu kapena nkhali, ndipo tanthauzo lobisika limatsatira pambuyo. Womasulira mabuku ngati Miyambo, Yobu ndi Masalimo, omwe m'Chiheberi amayendanso ndi zithunzi zotere komanso ndi mizere iwiriiwiri yoyankhana, sangapeze mphunzitsi woposa nkhalamba yodziwa miyambi.

Chaka chomwecho anatulutsa Nyasa, the Great Water, buku lofotokoza nyanja, midzi, usodzi, maukwati, milandu ndi zikhulupiriro za anthu ake. Kenako panabwera My African Reminiscences, momwe anakambamo za moyo wake kuyambira pomwe ankanyamuka ku England mpaka chaka chomwe Maples anamwalira. Mabuku awiriwa savuta kuwapeza zifukwa: nkhani zimayamba pakati, anthu amatchulidwa ngati kuti wowerenga akuwadziwa kale, ndipo wolemba amapita patsogolo asanamalize zomwe anayamba. Komabe olemba mbiri amawagwiritsabe ntchito chifukwa Johnson ankalemba zomwe anaona ndi kumva yekha, mosakometsera, pa nthawi yomwe malonda a akapolo anali asanathe ndipo maboma a atsamunda anali asanakhazikike. Zomwe zawasunga mabukuwa ndi kuona mwatcheru ndi kunena zoona, osati kusalala kwa ziganizo.

Anthu omwe anaphunzira kulemba

Johnson ankakhulupirira kuti Mkhristu wa kunyanja sayenera kusanduka Mzungu. Ankafuna kuti ana aphunzire kuwerenga ndi kulemba m'chinenero chawo, m'sukulu za m'midzi yawo, pansi pa aphunzitsi a mtundu wawo. Poyamba anaganiza zoti aphunzitsiwo aziphunzitsidwira pa sitima pomwepo. Pambuyo pake koleji ya aphunzitsi ya St Michael's inakhazikitsidwa ku Kobwe, moyang'anana ndi Likoma, ndipo kenako inasamukira pachilumba.

Mwa anthu a m'badwo umenewo munatuluka olemba. Yohanna Barnaba Abdallah, yemwe anadzozedwa unsembe mu 1898 n'kutumikira ku Unangu, analemba mbiri ya Ayao m'Chiyao, Chiikala cha Wayao, yomwe inasindikizidwa ku Zomba mu 1919 pamodzi ndi Chingerezi chake chomasuliridwa ndi Meredith Sanderson. Bukuli ndi limodzi mwa mabuku oyambirira a mbiri olembedwa ndi munthu wakuda m'chinenero cha m'dera lino. Augustine Ambali analemba za moyo wake m'buku lotchedwa Thirty Years in Nyasaland. Leonard Kamungu wa ku Chia, mudzi womwe Janson anafera, anadzozedwa unsembe mu 1909, anakatsegula ntchito ku Msoro m'dziko lomwe lero ndi Zambia, ndipo anamwalira komweko mu 1913.

Luso la kulemba linasinthanso chuma cha chilumbachi. Likoma ndi malo a miyala ndi milambe, a nthaka yosabereka kwenikweni, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 18 okha. Chomwe chilumbachi chinkatumiza kunja kwa zaka zambiri chinali anthu odziwa kuwerenga ndi kulemba. Amuna a ku Likoma anakagwira ntchito za ukalaliki, uphunzitsi ndi utanthauziri ku Zomba, ku Blantyre, ku Tanganyika, ku migodi ya ku Northern Rhodesia, ku Southern Rhodesia mpaka ku South Africa, ndipo makalata ndi ndalama zomwe ankatumiza kwawo zinkasunga mabanja ambiri.

Tsogolo la Baibulo la ku Likoma

Pomwe Johnson ankamaliza ntchito yake, mishoni zina zinali zitagwirizana kale kuti zimasulire Baibulo limodzi lomwe anthu onse olankhula Chinyanja angagwiritse ntchito. Komiti ya ntchitoyi inayamba mu 1900. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre anali m'gulumo, ndipo mtolo waukulu anausenza William Murray wa Dutch Reformed pamodzi ndi omuthandiza a Chichewa. Zotsatira zake ndi Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922. Baibulo limeneli linafalikira m'dziko lonse, ku Zambia ndi m'migodi ya kummwera, pomwe Chikalakala Choyera chinatsalira m'matchalitchi a Anglican a kunyanja. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo Buku Loyera, lomasuliridwa mogwirizana ndi mipingo yosiyanasiyana, linatuluka mu 1998.

Apa pakuoneka mtengo womwe Johnson analipira posankha kulembera anthu omwe ankakhala nawo. Chomwe chinachititsa kuti buku lake limveke bwino pa Likoma ndi ku Msumba n'chomwenso chinaliletsa kuyenda kutali. Boma la Malawi litasankha Chichewa kukhala chinenero cha dziko mu 1968, ndipo malamulo a kalembedwe atakhazikitsidwa mu 1973, Chinyanja cha kunyanja chinatsala kunja kwa mabuku a sukulu. Pa chifukwa chomwechi mabuku a pa Likoma ndi ofunika kwa akatswiri a zinenero. Baibulo la Johnson, pamodzi ndi buku la mawu a Chinyanja ndi Chingerezi lomwe wansembe Herbert Barnes anatulutsa mu 1902, ndi umboni waukulu wa momwe anthu a kuvuma kwa nyanja ankalankhulira zaka zoposa 100 zapitazo.

Zaka zomaliza

Atakalamba, Johnson anasamutsira mtima wake kumpoto kwa nyanja, m'dera lomwe linali pansi pa Ajeremani mpaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo lero ndi Tanzania. Anakhala nthawi yaitali ku Manda. Kumeneko anayambiranso ntchito yomwe anaidziwa bwino, yophunzira zinenero za anthu ndi kumasuliramo zigawo za Malembo, monga m'Chimanda ndi m'Chimpoto. Mu 1926, atakwanitsa zaka 50 ali mu Africa, koleji yake ya ku Oxford inamupatsa ulemu womuwerengera m'gulu la akuluakulu ake.

Anamwalira ku Liuli pa 11 Okutobala 1928 ali ndi zaka 74, ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha komweko. Akhristu a Anglican a m'mbali mwa nyanja amamutcha mtumwi wa kunyanja, amayendera manda ake, ndipo amamukumbukira chaka ndi chaka pa tsiku la imfa yake. Mbiri ya moyo wake, Johnson of Nyasaland, inalembedwa ndi Barnes ndipo inatuluka mu 1933.